Maginito, Waya wa Mkuwa ndi Mau a Gitala la Magetsi

Nkhani yathu ya sayansi lero ikukhudza cinthu cimene ambiri a inu munacimvapo cikulira pa wailesi, pa ukwati kapena m'chalichi, ndico gitala la magetsi. Sitikamba za kaimbidwe kake ai. Tikamba za kacipangizo kamene kamakhala pansi pa nsambo zake, kamene oimba amakacha pikapu. Musasokoneze ndi galimoto yonyamula matumba a cimanga ija. Dzina ndi limodzi cifukwa liu limeneli m'Cingerezi litanthauza kutola kapena kunyamula. Galimoto imanyamula katundu, pamene pikapu ya gitala imatola kunjenjemera kwa nsambo ndi kukupereka kwa ampulifaya, ndiwo makina okuza mau.

Munthu mmodzi angathe kuimba nyimbo imodzi pa magitala awiri a magetsi, koma mau ake osafanana. Lina limalira mokuthwa ngati belu la njinga, pamene linzake limalira monenepa ngati liu la mkulu wa kwaya. Mbali yaikulu ya kusiyanako imacokera ku mapikapu, ndipo munthu akamvetsa mmene waya ndi maginito zakhalira m'kati mwake, cifukwa cake cimaonekera poyera.

Tiyambe ndi banjo imene anyamata amapanga ndi cigubu ca mafuta, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Nsambo payokha ili ndi liu locepa kwambiri. Cimene cimakuza liulo ndi cigubu cija, pakuti cimanjenjemera pamodzi ndi nsambo ndi kukankha mpweya wambiri. Gitala la bokosi limagwira nchito mwa njira yomweyo. Koma magitala ambiri a magetsi alibe mphako. Thupi lake ndi thabwa lolimba lokhalokha. Mukaliimba losalumikiza ku ampulifaya, wokhala kumbuyo kwa kalasi sangamve kanthu. Nchito ya cigubu ija yasiyiridwa pikapu.

Maziko a pikapu anaikidwa kalekale, gitala la magetsi lisanaganiziridwe. M'caka ca 1831, ku London, Michael Faraday anapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumabadwa magetsi. Maginito akaima, magetsi nawonso amaleka. Inu amene makolo anu ali ndi njinga ya dainamo mumaciona cimeneci usiku uliwonse: tayala limazunguza maginito m'kati mwa waya wokulungidwa, nyali n'kuyaka, ndipo njinga ikaima nyali imazima. Makina akuluakulu a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge amatsata lamulo lomweli, kungoti kumeneko wozunguza ndi madzi.

Waya wokulungidwayo amisiri amamucha koilo. Ife lero timucha nkhata, pakuti amazungulira monga nkhata imene amai amaika pamutu posenza mtsuko. M'pikapu muli maginito, ndipo mozungulira maginitowo muli nkhata ya waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi, wopakidwa vanishi kuti mizere yake isakhudzane. Tsono apa mpofunika kuchera khutu. M'dainamo maginito ndiwo amayenda, koma m'pikapu maginito ali phee, nkhata nayonso ili phee. Coyenda ndi nsambo. Popeza nsamboyo ndi yacitsulo ndipo ili pafupi ndi maginito, imatengako mphamvu ya maginitowo, ndipo ikamanjenjemera imagwedeza mphamvu yosaoneka imene yazinga nkhata. Pamenepo m'nkhata mumabadwa magetsi opita uku ndi uku motsata nsambo. Nsambo yonenepa kwambiri ya gitala imanjenjemera maulendo 82 pa sekondi imodzi, yoonda kwambiri maulendo 330, ndipo magetsi a m'nkhata amasinthasintha mwa ciwerengero comweco. Ndi magetsi ofooka, kawirikawiri osafika ngakhale pa mphamvu ya batire limodzi la toci, n'cifukwa cake pamafunika ampulifaya.

Motero pikapu yotere si khutu, ngakhale ambiri amaiyesa maikolofoni. Siimva mau a mumpweya. Mwana atafuula pafupi ndi pikapu yomangidwa bwino, sipika singabwereze mfuu wake. Ndiponso mutacotsa nsambo zacitsulo ndi kumangapo za nailoni, zonga cingwe cowedzera nsomba, gitala likhala duu. Aphunzitsi, cimeneci ncosavuta kuyesa. Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, ana ayandikize ku waya wa mabuleki, ku cingwe ca nailoni ndi ku waya wa mkuwa. Adzaona kuti maginito amakoka wa mabuleki yekha. Ambiri amadabwa kuona kuti mkuwa sukokedwa, cikhalireco ndiwo umanyamula magetsi m'nkhata.

Nanga anthu anavutikiranji kupanga zimenezi? Ku America, m'zaka za m'ma 1920, magulu oimba anali ndi malipenga ambiri ndi ng'oma, ndipo gitala la bokosi linali kumira m'phokoso lao. George Beauchamp wa ku Los Angeles anapanga m'caka ca 1931 gitala loimbidwa litagonekedwa pamiyendo, lokhala ndi maginito awiri opindika ngati cilembo ca U amene anakuta nsambo. Iye ndi Adolph Rickenbacker anayamba kuligulitsa mu 1932, ndipo anthu analipatsa dzina lakuti Frying Pan cifukwa linali kuoneka ngati ciwaya ca mpini wautali. Mu 1936 kampani ya Gibson inatulutsa gitala lochedwa ES-150, ndipo mnyamata wina woimba jazi, Charlie Christian, anaonetsa dziko kuti tsopano gitala lingathe kutsogolera nyimbo monga lipenga.

Mapikapu oyambawo onse anali a nkhata imodzi, amene m'masitolo amachedwa single coil. Amene anachukitsa kwambiri mtundu umenewu ndi Leo Fender, mmisiri wokonza mawailesi wa ku Fullerton m'cigawo ca California, munthu amene iye mwini sanali woimba gitala. Gitala lake la mapikapu awiri linatuluka mu 1950 ndi kulandira dzina lakuti Telecaster caka cotsatira, ndipo Stratocaster, la mapikapu atatu, linabwera mu 1954. Pikapu ya Stratocaster ndi yopyapyala ngati cala. Ili ndi timaginito 6 toimirira, kamodzi pansi pa nsambo iliyonse, ndipo waya amazungulira timaginitoto maulendo pafupifupi 8,000. Popeza ndi yopyapyala, imayang'ana kacigawo kakang'ono ka nsambo, motero imatola bwino tinjenjemero ting'onoting'ono tofulumira timene timapatsa liu kuwala kwake. Woimba akakhudza nsambo zitatu mofulumira, iliyonse imamveka payokha, osasakanizika ndi inzake.

Koma walira mvula walira matope. Nkhata imene imamva bwino kugwedezeka kwa nsambo imamvanso kugwedezeka kwina kumene woimba sakukufuna. Magetsi a m'nyumba sayenda molunjika mbali imodzi monga a m'batire. Amapita uku ndi uku. Kuno ku Zambia amatero maulendo 50 pa sekondi, pamene ku America ndi maulendo 60. Waya aliyense wonyamula magetsiwo, thiransifoma iliyonse, ngakhale nyali zazitali za m'kalasi zija, zimatulutsa mphamvu yosaoneka yogwedezeka mwa ciwerengero cimeneco. Nkhata ya pikapu siidziwa kusankha. Imatola zonse, ndipo ampulifaya imazikuza pamodzi ndi nyimbo. Cotsatira cake ndi phokoso losalekeza longa la njuci mumng'oma, limene m'Cingerezi amati hum. Limamveka kwambiri woimba akaleka kuimba, makamaka pamene m'busa wayamba kupemphera ndipo gitala laiwalidwa lili coyaka. Woimba wodziwa amatembenuka pang'ono pamene waimapo mpaka phokosolo litacepa, pakuti kukula kwake kumadalira kumene nkhata yalozera.

Vuto limeneli ndilo linabala mtundu waciwiri. Seth Lover, mmisiri wa kampani ya Gibson, analembetsa ku boma la America mu 1955 pikapu ya nkhata ziwiri zogundizana, ndipo mu 1957 inayamba kuikidwa pa magitala ochedwa Les Paul. Pa nthawi yomweyo Ray Butts anapanga ina yofanana nayo imene kampani ya Gretsch inagwiritsa nchito. Dzina la mtundu umenewu ndi humbucker, ndiko kuti wolimbana ndi phokoso la njuci lija. Nzeru yake ndi yokoma, ndipo mwana wa Giredi 6 angathe kuimvetsa ngati tiyenda naye pang'onopang'ono.

M'pikapu imeneyi zinthu ziwiri zatembenuzidwa. Coyamba, nkhata yaciwiri yalumikizidwa mobwerera, kotero kuti magetsi amazungulira m'menemo mosemphana ndi m'nkhata yoyamba. Caciwiri, maginito atembenuzidwanso: pansi pa nkhata yoyamba mbali ya kumpoto ya maginito ndiyo yaloza ku nsambo, pansi pa yaciwiri yaloza ndi ya kummwera. Tsono phokoso la njuci limacokera kunja, ndipo silisamala za maginito a m'pikapu. Limalowa m'nkhata zonse ziwiri mofanana, koma popeza yaciwiri ndi yobwerera, phokoso la m'menemo limasemphana ndi la m'nkhata yoyamba, ndipo awiriwo amafafanizana. Liu la nsambo ndi losiyana, pakuti limabadwa mwa maginito. M'nkhata yaciwiri latembenuzidwa kawiri, koyamba ndi maginito, kaciwiri ndi waya. Cinthu cotembenuzidwa kawiri cimabwerera kumene cinayang'ana poyamba. Motero liu la nsambo la m'nkhata ziwirizo limagwirizana ndi kuwonjezana mphamvu.

Aphunzitsi, mau okha sakwanira pamenepa; imitsani ana anai kutsogolo, onse ayang'ane kukhomo. Awiri akhale Phokoso, awiri akhale Nsambo, ndipo pa awiri alionse mmodzi akhale wa nkhata yoyamba, wina wa nkhata yaciwiri. Mukati, "Waya watembenuzidwa!" ana onse awiri a nkhata yaciwiri atembenuke, afulatire khomo. Mukati, "Maginito atembenuzidwa!" atembenukenso mwana wa Nsambo yekha, pakuti Phokoso alibe nawo kanthu maginito. Kenaka patsani awiri alionse cingwe cimodzi, aliyense ayende kumene wayang'ana. A Nsambo adzatuluka naco cingwe cao pakhomo, pamene a Phokoso adzangokokanakokana pamalo amodzi.

Kodi tsono humbucker inathetsa nkhani? Iai. Phokoso linacepadi, mphamvu inaculuka, koma liu linasintha. Nkhata ziwiri pamodzi zili ndi waya wambiri, maulendo pafupifupi 5,000 iliyonse, ndipo waya akaculuka, magetsi osinthasintha mofulumira kwambiri amavutika kudutsa. Ndiponso pikapuyi ndi yotambalala, imayang'ana nsambo pa malo awiri, kotero kuti tina mwa tinjenjemero tofulumira tija timafafanizika pamodzi ndi phokoso. Liu limatuluka lonenepa, lofunda, lokhalitsa, koma kuwala kwa belu kuja kwacepa. Oimba ena anakondwera nalo, ena anati gitala lao lafundidwa bulangete, nabwerera ku nkhata imodzi ndi njuci zake zomwe. Mpaka lero mitundu iwiriyi ikugulitsidwa m'sitolo imodzi.

Pakati pa iwiriyi pali P-90, imene Gibson inayamba kupanga mu 1946. Ndi ya nkhata imodzi, koma nkhatayo ndi yaifupi ndi yotambalala, ya waya wambiri. Liu lake ndi lonenepa kuposa la Fender, laukali kuposa la humbucker, ndipo phokoso la njuci ili nalo ndithu.

Malo amene pikapu yakhala nawonso ndi nkhani yaikulu, mwina yoposa mmene ogula amaganizira. Nsambo imagwedezeka kwambiri capakati pake, ndipo imagwedezeka pang'ono pafupi ndi pamene yamangidwa. Pikapu ya kufupi ndi khosi la gitala imapereka liu lofewa ndi lodzaza. Ya kumunsi, pafupi ndi briji, kacitsulo kamene nsambo zimatsamirapo, imapereka liu loonda ndi lobaya. Mwana aliyense amene ali ndi banjo ayese kukhudza nsambo pakati, kenaka kumapeto kwenikweni, adzamva kusiyana kwa mtundu womwewo. Ndico cifukwa cake gitala limodzi limakhala ndi mapikapu awiri kapena atatu, ndi swichi yosankhira. Swichi ya Stratocaster poyamba inali ndi malo atatu okha. Oimba anatulukira okha kuti akaiimika pakati pa malo awiri, mapikapu awiri amagwira nchito pamodzi ndi kutulutsa liu lina lacilendo. Ena anali kuipanikiza ndi kamtengo ka machesi kuti isasunthe, kufikira mu 1977 pamene kampani inayamba kuika swichi ya malo asanu. Pa magitala ambiri a masiku ano a mtundu umenewu, pikapu yapakati imapangidwa yotembenuzidwa waya ndi maginito omwe, kotero kuti ikagwira nchito ndi inzake, ziwirizo zimaletsa phokoso monga humbucker.

Za maginito tinenepo pang'ono, cifukwa zikukhudza dziko lathu. Mapikapu ambiri ali ndi maginito ochedwa alnico. Dzinali ndi zilembo zoyamba za zitsulo zitatu zimene zimasungunulidwa pamodzi ndi citsulo wamba: aluminiyamu, nikelo ndi kobati. Kobati amapezeka m'miyala imodzi ndi mkuwa ku Copperbelt, ndipo migodi ya Nkana ndi Chambishi inachuka naye. Motero zinthu ziwiri zofunika m'pikapu, mkuwa wa nkhata ndi kobati wa maginito, ndi zimene nthaka ya Zambia ili nazo. Mtundu wina wa maginito ndi wa seramiki, woumbidwa ndi kuochedwa monga mbiya, wochipa ndiponso wamphamvu. Ogulitsa amakonda kutama alnico kuti ndiye wa liu lokoma. M'kuona kwanga amawonjezera. Kuculuka kwa waya ndi malo a pikapu zimasintha liu koposa dzina la maginito. Cimene cili coona ndi cakuti maginito amphamvu akayandikira nsambo mopitirira, amaikoka ndi kuiletsa kunjenjemera momasuka, liu n'kufa msanga. Mankhwala ake ndi kungotsitsa pikapu pang'ono ndi sikuludiraiva.

Palinso mapikapu a batire, amene kampani ya EMG ya ku California, yoyambika mu 1976, inawachukitsa. Nkhata zake zili ndi waya wocepa, motero zimatola phokoso locepa, ndipo kaampulifaya kakang'ono ka m'kati mwa pikapu, koyendera batire la mavolti 9, ndiko kamakuza liu lisanatuluke m'gitala. Ndi acete ndiponso amphamvu. Vuto lake ndi batire lomwelo. Likatha pakati pa ukwati gitala limayamba kusasa mau, kenaka kukhala cete, ndipo limatha msanga ngati woimba asiya cingwe ca ampulifaya cili cilowere m'gitala usiku wonse.

Mtundu wotsiriza ulibe maginito ngakhale nkhata. Mu 1880, ku Paris, abale awiri, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti miyala ina yowala, monga quartz, imatulutsa magetsi ikapanikizidwa. Pikapu ya piezo imagwiritsa nchito cimeneci. Kacidutswa kake kamabisidwa pansi pa briji, ndipo nsambo ikamanjenjemera imakapanikiza ndi kukamasula. Popeza cimene kamamva ndi kupanikiza, sikasankha citsulo kapena nailoni. Mukaona gitala la bokosi m'chalichi lili ndi cingwe copita ku ampulifaya koma pansi pa nsambo palibe cooneka, kawirikawiri muli piezo.

Tsono khutu liphunzitsidwe ndi nyimbo za kwathu. M'zaka za m'ma 1970, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, kunabuka magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, oimba nyimbo zimene zimachedwa Zamrock. Gitala lao linali lolemera ndi lokalipa. M'zaka za m'ma 1980 kalindula wa magitala a magetsi anafala, ndi oimba monga P. K. Chishala ndi gulu la Amayenge, ndipo m'menemo gitala lotsogolera limathamanga ndi timau toyera tomveka kamodzikamodzi, monga mmene limacitira mu rumba ya ku Congo. Ana amvetsere nyimbo imodzi ya mtundu uliwonse, anene ndi mau aoao mmene gitala likulirira. Kaimbidwe ka timau toyera kamayanjana ndi nkhata imodzi, ndipo kolemera kamayanjana ndi humbucker, cifukwa mphamvu yake imadzaza ampulifaya msanga. Koma musawalole kulumbira kuti adziwa pikapu pongomva nyimbo. Kukalipa kwa Zamrock kwambiri kunali kucokera ku kabokosi kopondedwa ndi phazi kochedwa fuzz, kamene kamaphwanya liu mwadala. Jimi Hendrix wa ku America, amene anyamata a Zamrock anali kumusirira, anatulutsa mau olemera koposa pa Stratocaster, gitala la mapikapu a nkhata imodzi.

Cenjezo kwa ana nonse: zoyesa zathu ndi za maginito ndi waya wosalumikizidwa kwina kulikonse. Musalowetse waya m'soketi ya pakhoma. Musatsegule ampulifaya, ngakhale yozimitsidwa, pakuti zipangizo zina m'kati mwake zimasunga magetsi okhoza kupha munthu.

Nchito ya sabata ino, aphunzitsi, ndi kubwereza zimene Faraday anaona. Pezani kampasi, maginito amphamvu, ndi waya woonda wa vanishi wocokera m'mota kapena m'thiransifoma yakufa. Kulungani waya maulendo ngati 30 mozinga kampasi, ndipo muigoneke kotero kuti singano yake ikhale motsata mizere ya wayayo. Pangani nkhata ina ya maulendo 100 kapena kuposa pa kacubu ka katoni. Palani vanishi kunsonga za mawaya, mulumikize nkhata ziwirizo ndi waya wotalika kupitirira mita imodzi, kuti maginito asakoke singano mwacindunji. Mwana alowetse maginito m'cubu mofulumira, anzake ayang'ane singano. Idzagwedezeka, maginito akaima idzabwerera, ndipo powatulutsa idzagwedezekera mbali ina. Singano ikakana kuyenda, onjezani waya pa cubu ndipo muonenso ngati vanishi wapalidwa bwino. Zikatheka, tembenuzani maginito, ana alembe kumene singano yalowera. Kenaka bwezerani maginito mmene analili, musinthanitse nsonga ziwiri za nkhata ya pa cubu, alembenso. Musanayese kutembenuza zonse ziwiri nthawi imodzi, afunseni kumene singano idzalowera, ndipo amene wayankha bwino mum'patse coko afotokozere anzake pa bolodi.